Tikupita kumudzi Disembala uno: heating tizimitse kapena tiisiye?

Mayi a Tadala, Leeds
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Ine, bambo a kunyumba ndi ana tikupita kumudzi sabata yachiwiri ya Disembala, tikakhalako milungu isanu. Chibwerereni kuno ku UK sitinasiyepo nyumba yopanda munthu nyengo yozizira. Bambo akuti tizimitse zonse, boiler (makina otenthetsa nyumba ndi madzi), gasi, magetsi, poti bilu ikutipweteka kale ndipo kumudzi nako kukudikira ndalama, za feteleza, za Khirisimasi, mukudziwa kale. Ine mtima ukukana, chifukwa kuntchito ndinamvapo anthu akudandaula za mapaipi ophulika. Nyumba yathu ndi ya lendi, zipinda zogona ziwiri m'mwamba, mbali imodzi inagundana ndi ya aneba. Amene munasiyapo nyumba nthawi ngati ino munatani?

Mnyamata wa ku Ntcheu, Coventry
Mayi, ine ndili mbali ya bambo. Kutenthetsa nyumba mulibe munthu? Ndalama imeneyo bola ikathandize agogo. Chaka chatha ndinazimitsa zonse n'kupita ku Lilongwe, pobwera ndinapeza chilichonse chili bwinobwino, kuzizira kokha basi.

Nabanda, Luton
Achimwene a ku Coventry, inu si paja mumakhala mufulati ya pakati? Pansi panu pali anthu, pamwamba pali anthu, amene anakutenthetserani nyumba ndi amenewo. Ya Mayi a Tadala ili ndi denga lakelake ndi makoma atatu oyang'ana panja, musayerekeze.

Disembala wa 2022 uja kunazizira koopsa dziko lonse lino. Banja lina la kutchalitchi kwathu linapita kumudzi litazimitsa zonse, ndipo makiyi linasiya kwa ine kuti ndizikatola makalata. Kuzizira kutatha ndinapitako. Ndisanatsegule n'komwe chitseko ndinaona madzi akutuluka pansi pake kulowera kumsewu. Mkatimo kapeti ya pamasitepe inali kulira phwa phwa ndikaponda, mapepala a kukhoma atamatuka n'kulendewera, siling'i ya chipinda cha ana itagwera pabedi. Paipi ya kudenga inali itang'ambika, kamng'alu kosakwana chala, koma madzi anakhala akutsika masiku angapo. Ndinaima pamenepo kufunafuna potsekera madzi osapadziwa, mpaka aneba achizungu anabwera kudzandisonyeza pansi pa sinki. Anthu aja tchuthi chinathera pomwepo, anabwera kudzagona kwa abale miyezi ingapo nyumba ikuumitsidwa. Chonde mayi, musazimitse.

Mayi a Tadala, Leeds
Mayo ine. Ndiwawerengera bambo akabwera kushifiti.

Bambo Phiri, Nottingham
Ine ntchito yanga ndi yokonza nyumba za lendi, ndiye Januwale aliyense zimenezi ndimaziona ndi maso. Ndifotokoze bwino chifukwa ambiri aife tinakulira kumene paipi siuma ndi chisanu, ngakhale ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Julayi.

Madzi akaundana amafufuma, pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse. N'chimodzimodzi botolo la Fanta mukaliiwala mufiriza, m'mawa mumapeza laphulika. Paipi ya kopa nayo imang'ambika choncho, kapena polumikizira pamasomphoka. Choopsa n'chakuti tsiku limene yang'ambika sipadontha kanthu, madzi oundana aja amakhala atatseka okha pamng'alupo. Vuto limabwera kunja kukayamba kufunda. Apo madzi amasungunuka, ndipo a mumpopi amene amabwera ndi mphamvu kuchokera kumsewu amayamba kutuluka usana ndi usiku popanda wowaletsa. N'chifukwa chake Anabanda anapeza madzi kuzizira kutatha kale. Mu 2018, kumapeto kwa Febuluwale ndi kuyamba kwa Malichi, chisanu chija ankachitcha Beast from the East, zinalinso choncho. Mafoni athu anayamba kulira tsiku limene chipale chinayamba kusungunuka.

Zochita zikuluzikulu ndi ziwiri, ndipo muchite zonse, osasankhapo chimodzi. Choyamba, boiler isiyeni yoyatsa, thermostat, kachipangizo koikira mlingo wa kutentha kwa m'nyumba, muiike pakati pa madigiri 12 ndi 15, usana ndi usiku. Musaisiye pa timer yoti iziyaka ola limodzi m'mawa ndi limodzi madzulo, chifukwa kumazizira kwambiri m'bandakucha pamene timer yanu ili chete. Musaope kuti izingoyaka nthawi zonse ayi. Imayaka pokhapokha nyumba ikazizira kupyola pamene mwaikapo, ikafikitsa imazima yokha. Gasi wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi pamene muli m'nyumba mukufuna madigiri 20 kapena 21, ana akusamba, inu mukuphika.

Chachiwiri, tsekani madzi pa stopcock, potsekera madzi onse olowa m'nyumba. Nthawi zambiri imakhala pansi pa sinki ya kukhitchini, nyumba zina kabati ya pansi pa masitepe kapena m'chimbudzi cha pansi. Mumapotokolera kumanja mpaka italimba. Mukatero tsegulani mipopi kuti madzi otsalira m'mapaipi atuluke, kenako mutsekenso. Mukachita zimenezi, ngakhale boiler itafa inu muli ku Malawi, madzi otayika ndi ochepa amene atsalira m'paipi, osati mtsinje umene Anabanda anaupeza.

Mayi a Tadala, Leeds
Zikomo kwambiri bambo Phiri. Koma pamenepa ndasokonezeka. Ndikatseka madzi, boiler ija izitenthetsa chiyani? Siipsa?

Bambo Phiri, Nottingham
Funso labwino mayi. Tayang'anani kaye, kodi m'nyumbamo muli thanki ya madzi otentha m'kabati, kapena madzi amatentha pompopompo mukatsegula mpopi? Ndipo pa boiler pali kawotchi kakang'ono koonetsa mphamvu ya madzi, kolembedwa bar?

Mayi a Tadala, Leeds
Thanki mulibe. Boiler ili kukhitchini, ndikatsegula mpopi imayamba kulira nthawi yomweyo. Kawotchiko kalipo, muvi uli pang'ono kupitirira pa 1.

Bambo Phiri, Nottingham
Imeneyo ndi boiler ya mtundu wa combi, ndiye nkhani yaphweka. Madzi amene amazungulira m'ma radiator, zitsulo zotenthetsa zipinda zija, ndi otsekeredwa paokha, ndi omwewo amangozungulira chaka ndi chaka, sakhudzana ndi a mumpopi. Mukatseka stopcock heating imagwirabe ntchito. Muviwo pamene uli ndi pabwino, boiler ikakhala yozizira uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5. Kuyambira lero muziuyang'ana tsiku lililonse mpaka tsiku la ulendo. Mukaona kuti ukutsika pang'onopang'ono ndiye kuti pena pake pakudontha, auzeni eni nyumba msanga, chifukwa ukatsika kwambiri boiler imadzitseka yokha ndipo siyakanso mpaka munthu awonjezere madzi.

Amene muli ndi nyumba zakale zokhala ndi mathanki kudenga, kakang'ono ndi yaikulu, inu musangotengera zimene ndawauza mayiwa. Funsani wokonza boiler wanu musanatseke madzi. Komanso kachitseko kokwerera kudenga kasiyeni kotsegula pang'ono kuti kutentha kwa m'nyumba kuzifika kumathankiko.

Zina zing'onozing'ono. Ma radiator onse akhale otsegula, musatseke a zipinda za ana poti mulibe munthu. Zitseko za m'kati zonse zisiyeni zotsegula, ndi tizitseko ta kabati ya pansi pa sinki, kuti mpweya wofunda uzifika pamapaipi. Ngati kuseri kuli mpopi wa panja wothirira maluwa, umakhala ndi potsekera pake m'kati, tsekani pamenepo n'kuusiya wa panjawo wotsegula. Ndipo ngati thermostat yanu ndi yonyamula m'manja, ikani mabatire atsopano tsiku lonyamuka. Ndalowapo m'nyumba zozizira zedi, boiler ili bwinobwino, gasi alipo, vuto timabatire tiwiri.

Mnyamata wa ku Ntcheu, Coventry
Ankolo, nanga si pa boiler pali kale kachizindikiro ka chipale kaja? Ndimamva kuti ukaika pamenepo imadziteteza yokha. Bwanji osangoika pamenepo m'malo mwa 15?

Bambo Phiri, Nottingham
Mwanena nokha, imadziteteza yokha. Imayaka madzi a m'kati mwake akatsika kufika cha m'madigiri 5, kuti iyoyo isaume. Paipi yodutsa kudenga kapena m'khoma la panja siidziwa. Thermostat ya pabalaza ikamawerenga 7, kudenga ndi kuseri kwa makabati kumakhala kutazizira kuposa pamenepo. N'chifukwa chake timakweza kufika 12 kapena kuposa, kuti ngakhale m'makona mukhale motetezeka.

Anti Nachisale, Glasgow
Ine ndiwonjezere za mapepala, chifukwa a Malawi timasaina zinthu osawerenga kenako n'kumalira. Mayi a Tadala, tulutsani pepala la mgwirizano wa lendi usiku uno. Ambiri amalemba kuti mukachoka kupitirira masiku akutiakuti, ena 14, ena 21 kapena 28, muwadziwitse eni nyumba kapena ejenti. Amalembanso kuti nyengo yozizira ndi udindo wanu kusamala kuti mapaipi asaume. Ndiye kuti mukazimitsa dala heating paipi n'kuphulika, akhoza kukuuzani kuti mlandu ndi wanu, dipoziti n'kupita, mwinanso kuwonjezera pamwamba. Alembereni imelo, osangoimba foni, kuti pakhale umboni: tikuchoka tsiku lakuti, tibwera lakuti, heating tasiya pa madigiri akuti, madzi tatseka, makiyi ali ndi uje.

Inshuwalansi nayonso. Makampani ambiri amati nyumba ikakhala yopanda munthu masiku opitirira 30 otsatizana, ena 60, zinthu zina salipira, ndipo madzi otayika amakhala m'gulu lomwelo. Inu milungu isanu ndi masiku 35, mwadutsa kale pa 30. Kaya ndi inshuwalansi ya katundu wanu yokha, aimbireni muwauze. Ena amangokuuzani kuti heating ikhale pa madigiri akuti ndipo munthu azibwera kudzaona, basi. Amene munagula nyumba zanu, izi zikukukhudzani kwambiri kuposa a lendi.

Kuno ku Scotland sitichita kukambirana n'komwe zozimitsa. Kuzizira kwake ndi kwina.

Nabanda, Luton
Anti mwanena zoona. Banja ndimanena lija linavutika kwambiri pa nkhani yomweyi ya masiku.

Mayi a Chisomo, Manchester
Palibe amene watchula mita. Mayi a Tadala, mumalipira pamwezi kubanki kapena ndi yothira mayunitsi ngati kwathu? Ngati ndi yothira, samalani kwambiri. Pali ndalama imene amadula tsiku lililonse, standing charge, kaya mwayatsa kanthu kaya ayi, pa gasi payokha pa magetsi payokha. Ndiye amene akuganiza kuti akazimitsa zonse bilu ikhala ziro, sizitheka. Ndipo boiler ya gasi imafunanso magetsi kuti pampu izungulire. Magetsi akatha, heating yathanso ngakhale gasi atadzaza.

China chimene ambiri sadziwa: mita ya gasi ikatseka chifukwa ndalama zatha, ngakhale muthire pafoni muli ku Blantyre, gasi sabwerera yekha. Pamafunika munthu aime pamitapo adine batani, anapanga dala choncho poopa ngozi. Ndiye thirani zokwanira musananyamuke, muwonjezerepo zapadera, ndipo muziyang'ana pa app muli kumudziko isanafike kumapeto. Onetsetsaninso kuti app ya banki ndi ya magetsi zikatseguka muli kunja, chifukwa zina zimatumiza nambala yachinsinsi ku layini ya kuno, inu mutaika kale simu ya kumudzi.

Mayi a Tadala, Leeds
Ndi smart meter yothira pafoni. Za batanizi sindimadziwa, zikomo achemwali. Ndiisiya simu ya kuno mufoni ina.

Bambo a Yamikani, Johannesburg
Ife a ku Joni tikuwerenga nawo. Kuno Disembala ndi kotentha, za mapaipi ouma timaziona mu Juni ndi Julayi, makamaka amene ali ndi giza ya sola padenga. Koma nkhani ya madzi ndi yomweyo, chifukwa giza zathu zambiri zimakhala m'siling'i, ndipo ikaphulika madzi amatsikira m'nyumba momwemo. Ine ndikamapita kumudzi ndimazimitsa giza pa DB board, bokosi la maswichi a magetsi lija, n'kutseka madzi pamita panja. Chofunika kukumbukira ndi pobwera: tsegulani madzi kaye, mutsegule mpopi wa madzi otentha mpaka atuluke bwinobwino opanda mpweya, kenako ndiye muyatse swichi. Mukayatsa giza ili yopanda madzi element imapsa nthawi yomweyo. Aircon ndimachotsa tosefera fumbi tija, kutsuka, kuumitsa, kubwezera, n'kuzimitsa paswichi yake ya kukhoma. Mvula ya kuno ya Disembala imabwera ndi ziphaliwali zoopsa, ndiye TV, rauta ya intaneti, zonse ndimazula.

Namoyo, Lilongwe
Bwerani ndithu, mvula yayamba ndipo mango ali mbwee. Kunonso amene muli ndi nyumba zokhala ndi aircon ndi giza n'kumazisiya zotseka miyezi, muzizula mapulagi. Magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu amawotcha zinthu mulibe munthu. Ndipo nyumba yotsekedwa dzinja lonse imachita chuku m'makabati, nsapato ndi masuti zimayera mbuu. Muzimuuza wokuyang'anirani azitsegula mawindo kukacha bwino.

Anti Nachisale, Glasgow
Chuku chimenecho kunonso chiliko, Anamoyo. Nyumba yozizira yotsekeka imagwira chinyezi, pobwera mumapeza madontho akuda m'makona a mawindo ndi kuseri kwa wadiropu, ndipo kwa mwana wa mphumu ndi zoipa kwambiri. Ndi chifukwa chinanso chosiyira heating. Musasiye zovala zonyowa pa radiator tsiku lonyamuka, chapani kukadali masiku. Timabowo tolowetsa mpweya pamwamba pa mawindo tisiyeni totsegula.

Bambo Mbewe, Birmingham
Ine ndisiyane nanu pang'ono, a Phiri. Boiler ndi makina, ikhoza kufa tsiku lachiwiri inu mutangokwera ndege ku Heathrow. Ine nyumba ndi yanga, ndipo ndikamapita nthawi yaitali ndimaitana pulambala kudzakhetsa madzi onse, m'mapaipi ndi m'ma radiator momwe. Paipi yopanda madzi singaphulike. Ndimagona tulo kumudzi osaganiza za gasi.

Bambo Phiri, Nottingham
A Mbewe, njira yanuyo ndi yoona ndipo sindikuitsutsa. Munthu amene akuchoka miyezi itatu kapena nyengo yonse yozizira ndimamuuza zomwezo. Koma ili ndi mtengo wake. Pulambala mumulipira kawiri, pokhetsa ndi podzaza. Podzaza pamafunika kuthiranso mankhwala oteteza dzimbiri m'ma radiator ndi kutulutsa mpweya paliponse. Nyumba imakhala yozizira milungu yonseyo, ndiye chinyezi chimene akunena Anti chija chimalowa. Ndipo mayiwa ndi a lendi, sangakhetse madzi m'nyumba ya eni popanda chilolezo. Pa milungu isanu, heating yotsika ndi stopcock yotseka n'zokwanira, bola pakhale munthu wolowamo.

Pa mfundo yanu yoti boiler ikhoza kufa, tiyeni tinene chimene chimaipha kawirikawiri kukazizira. Ma boiler a masiku ano, kuyambira cha mu 2005 pamene lamulo linasintha, amatulutsa timadzi pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi ka pulasitiki, kawirikawiri koyera, kopita kudireni. Nyumba zambiri kapaipi kameneka kamadutsa panja pakhoma. Kukazizira kwambiri timadzi tija timaundana m'katimo, boiler imayamba kulira ngati ikukhuluma kenako imadzitseka n'kuonetsa nambala ya vuto. Ndiye kuti imafa usiku womwewo umene ikufunika kwambiri. Mankhwala ake ndi osavuta: kuthira madzi ofunda pakapaipiko panja, ofunda osati owira chifukwa pulasitiki imang'aluka, kenako kudina reset. Mayi a Tadala, tulukani panja kuseri kwa khitchini mukaone. Ngati kali pamtunda kopanda chokutira, pemphani eni nyumba akakute musanapite, chokutira chake n'chotchipa.

Ndipo poti mukuwalembera kale, funsani kuti boiler inayenderedwa liti. Lamulo limati mwini nyumba ya lendi aziyezetsa zipangizo za gasi miyezi 12 iliyonse n'kukupatsani pepala lake, ndipo woyezayo akhale wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka. Muli ndi ufulu womufunsa khadi lake pakhomo. Abale anga, pa gasi musaitane mnzanu wa kutchalitchi poti amadziwa kugwira sipanala. Alamu ya mpweya woipa uja wa carbon monoxide idineni muone ngati ikulira.

Bambo Mbewe, Birmingham
Pa a lendi ndavomera. Koma ndikubwerezabe, popanda munthu wolowamo zonsezi n'zosadalirika. Ngakhale amene muli ndi Hive kapena Nest, ma thermostat oonera pafoni, foni ingokuuzani kuti nyumba yazizira, singathire madzi ofunda pakapaipi. Intaneti ya m'nyumba ikadukanso ndiye simuona kanthu.

Mayi a Chisomo, Manchester
Eya, ndipo wosunga makiyiyo musangomupatsa makiyi pageti la tchalitchi. Abwere kunyumba inu mulipo, mumusonyeze ndi chala: stopcock ili apa, mita ya gasi apa, reset apa, kapaipi ka panja ndi aka. Mulembe papepala nambala ya eni nyumba ndi ya ngozi za gasi, 0800 111 999, mumate pafiriji. Akamva fungo la gasi asayatse kapena kuzimitsa swichi iliyonse, atsegule mawindo, atuluke, aimbe ali panja. Azibwera kamodzi pa sabata, koma akamva pa nkhani kuti kukubwera chisanu choopsa apiteko m'mawa mwake. Akafuna kugwiritsa ntchito chimbudzi akumbukire kuti madzi ndi otseka, akatsegula atsekenso.

Anti Nachisale, Glasgow
Ndimalize ndi za pobwera, poti ndine namwino sindingazisiye. Madzi okhalitsa m'mapaipi ndi m'shawa amatha kuswa tizilombo totchedwa Legionella, timene timachulukana m'madzi ofunda pakati pa madigiri 20 ndi 45. Munthu amadwala akapuma timadontho ting'onoting'ono ta madziwo touluka mumpweya, ndipo ndi chibayo choopsa makamaka kwa achikulire ndi odwaladwala. Mukafika musathamangire kusamba ngakhale mutatopa ndi ulendo wodzera ku Addis Ababa kapena Nairobi. Tsegulani stopcock pang'onopang'ono wina akuyendera zipinda kumvetsera ngati pena pakudontha. Kenako tsegulani windo la kubafa, mutu wa shawa muuike pansi m'bafamo kuti madzi asamwazike, mutsegule otentha ndi ozizira kwa mphindi zingapo inu mutatuluka. Mipopi yonse chimodzimodzi. Amene muli ndi thanki ya madzi otentha, iyambe yafika madigiri 60 musanagwiritse ntchito.

Mnyamata wa ku Ntcheu, Coventry
Ndamva akuluakulu. Chaka chino ndasamukira m'nyumba ya pansi ndi anzanga atatu ndipo tonse tikuchoka pa Khirisimasi. Ndiwatumizira zonsezi usiku uno tisonkhe ya gasi.

Mayi a Tadala, Leeds
Ndabweranso abale. Bambo awerenga zonse, atafika pa siling'i ya Anabanda anangoti tisiya pa 13. Pepala la lendi likuti tidziwitse ejenti tikachoka masiku opitirira 21, imelo ndatumiza kale. Kapaipi koyera ndakapeza kuseri, kalibe chokutira, ndajambula n'kutumiza limodzi. Makiyi asunga mlamu wanga wa ku Bradford, abwera Loweruka kudzaona malo onse.

Koma stopcock ndaipeza pansi pa sinki, yachita dzimbiri lobiriwira ndipo sikutembenuka ngakhale pang'ono. Bambo akufuna aigwire ndi pulayazi. Atero?

Bambo Phiri, Nottingham
Ayi mayi, auzeni asiye. Ikathyoka pamenepo madzi alowa m'khitchini mwamphamvu ndipo potsekera pena ndi panja pamsewu, pansi pa kachivundikiro kamene mwina simunakatsegulepo. Angoyesa ndi dzanja atakulunga kansalu, kumanzere pang'ono, kumanja pang'ono. Ikakana, ndi ntchito ya eni nyumba. Onjezerani pa imelo ija kuti stopcock yalimba ndipo mukufuna pulambala aisinthe sabata ino, mutchule tsiku lonyamuka. Akabwera, mupempheni akusonyezeninso ya panjayo, mlamu wanu adzaione Loweruka.